Boti la Faiba ndi Yamaha 40 Lomwe Linkakana Kudzuka pa Darwendale

Botili linabwera kwa ife pa ngolo yokokedwa ndi galimoto kuchokera ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mwezi wa Ogasiti. Ndi la faiba, lotalika mamita 4.8, lotseguka pamwamba, ndipo kumbuyo kwake kuli injini ya Yamaha Enduro 40, ya masilinda awiri, yosakaniza petulo ndi oyilo, yolizira ndi chingwe. Mwiniwake ndi bambo wachikulire amene makolo ake anachokera ku Nkhotakota. Analigula kwa munthu yemwe kale ankawedzera nalo ku nyanja ya Kariba, ndipo lisanagulidwe linakhala zaka 6 pansi pa mtengo wa mango, mphuno ili m'mwamba, kabowo kotulutsira madzi kali chitsekere.

Dandaulo lawo linali lalifupi: "Achimwene, injiniyi mumgolo imalira bwinobwino, koma ikafika pamadzi yafooka. Mundisinthire maring'i basi." Iwo ndi anzawo awiri anali atapita nalo ku damu la Darwendale kawiri. Akatsegula moto wonse boti linkangoloza mphuno kumwamba, n'kumakumba madzi kumbuyo, osadzuka kuti litsetsereke pamwamba pa madzi, foni ikuonetsa makilomita 15 pa ola. Makaniko wina anali atatsuka kale kabuleta kawiri ndi kusintha mapulagi, osasintha kanthu.

Maring'i a pisitoniwo sitinawakhudze, ndipo chifukwa chake chioneka m'munsimu.

Zomwe tinapeza tisanamasule bawuti

Tinayamba ndi kuyeza kompuresheni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, moto utatsegulidwa wonse. Silinda yapamwamba inapereka 108 psi, yapansi 104. Apa ndi pomwe ambiri amanamizidwa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye geji iliyonse imawerenga motsikirapo ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi kunyanja yamchere. Injini yomwe ku Beira, m'mphepete mwa nyanjayo, ingaonetse 125, kuno ionetsa cha m'ma 105. Chofunika kuyang'ana ndi kusiyana kwa masilinda awiriwo. Kukapitirira 10 peresenti, tsegulani injini. Apa sikunafike ndi 4 komwe. Moto wa pulagi unadumpha mpata wa 7 mm mbali zonse, wabuluu, wamphamvu.

Tsono tinakwera nalo pa sikelo ya magalimoto. Titachotsera kulemera kwa ngolo ndi kwa injini, yomwe ndi pafupifupi makilogalamu 72, boti lokha linatsala 395. Boti lotere silifunika kufika pamenepo. Titakanikiza pansi popondapo, cha kumbuyo pankanyenyera ngati khonde la matope. Tinaboola kabowo ka 6 mm pafupi ndi pakati, chiboolero chinatuluka chikudontha madzi onunkha.

Khoma lakumbuyo pomwe pamakhala injini, lomwe amisiri amati transom, linali loipa kuposa apo. Pogogoda ndi hamala yaing'ono, m'mbali munkamveka kuti ngo ngo, koma kuzungulira mabawuti a injini pankamveka phu phu. Titatukula injini n'kukanikiza mwendo wake ndi thupi lonse, khomalo linkapindika mooneka ndi maso. Zotuluka pa chiboolero zinali zakuda, zofinyika ngati gaga wonyowa. Tinawauza bambowo kuti, "Bambo, lisapitenso pamadzi ili. Injini ingathe kuthothoka ndi khoma lomwe." N'chifukwa chake palibe muyeso wathu wa mmene linkathamangira kale, tili ndi wa pafoni yawo wokha.

Ntchito ya boti

Transom tinaiyamba chamkati. Khungu lakunja la faiba tinalisiya chifukwa ndi lomwe limasunga maonekedwe a boti, ndipo kulibwezera bwino ndi kovuta. Tinadula khungu lamkati ndi galainda, kusiya m'mphepete mwa 50 mm, n'kukokolola matabwa ovundawo ndi tchizulo mpaka faiba yoyera. Pansi popondapo tinadula chimodzimodzi. Foam yoyandamitsa boti yomwe inali m'katimo inali itamwa madzi ngati chinkhupule, ndipo tinaichotsa ndi fosholo. Zonse zitatuluka sikelo inaonetsa 262, kutanthauza kuti makilogalamu 133 anali madzi, foam yonyowa ndi matabwa ovunda, zambiri zili kumbuyo komwe kuli kale injini, thanki ndi woyendetsa. Boti lolemera kumbuyo chonchi silingadzuke ngakhale injini itakhala yatsopano.

Tinalisiya milungu iwiri padzuwa kuti liume. Ogasiti ndi Sepitembala ndi miyezi yabwino pa ntchitoyi ku Harare, popeza kulibe mvula ndipo kuzizira kwa Juni kwatha. Rezini wa polyester safuna kuti kuzizire kuposa madigiri 15. Akagwiritsidwa ntchito m'mamawa wa Juni amakhala wonata masiku angapo, ndipo mphamvu yake sifikapo.

Khoma latsopano ndi matabwa awiri a pulayiwudi wa m'madzi, lililonse la 18 mm. Pulayiwudi wa mashelefu, ngakhale atapakidwa bwanji, guluu wake amasungunuka. Tinajambula khomalo pa katoni kaye, kenako n'kudula matabwa, kuwakwecha ndi sandipepala ya 40, n'kuwapaka rezini kawiri, makamaka m'mphepete momwe thabwa limamwera madzi. Pakati pa matabwa awiriwo, komanso pakati pa thabwa ndi khungu lakunja, tinayala mati ya faiba ya magalamu 450 pa sikweya mita, yonyowa bwino. Mati yotere imadya rezini pafupifupi kilogalamu imodzi ndi pang'ono pa sikweya mita. Mankhwala oumitsira, MEKP, tinaika 15 ml pa kilogalamu ya rezini m'mamawa ndi 10 ml masana, kuyeza ndi sirinji, osati ndi maso. Ochuluka amachititsa rezini kutentha n'kuuma m'chitini musanamalize. Ndipo musasakanize kuposa theka la kilogalamu nthawi imodzi.

Tinapanikiza zonse ndi mitanda ya matabwa yomangidwa ndi mabawuti odutsa m'mabowo akale, n'kusiya usiku wonse. M'makona tinadzazamo phala la rezini kuti mukhale mozungulira, paja faiba sikonda kupinda pakona yakuthwa, imasiya mpweya. Kenako mizere itatu ya faiba yolumikiza khoma ndi mbali ndi pansi pa boti, woyamba wa 100 mm mbali iliyonse, wachiwiri 150, wachitatu 200, ndipo pamwamba pa khoma lonse mati zitatu.

Chomwe chinavunditsa khoma lakale ndi mabowo. Panali mabowo 11, a mabawuti, a makina oonera nsomba, a chogwirira, ena osadziwika ntchito yake, ndipo onse anamatidwa ndi silikoni wa m'bafa kapena sanamatidwe n'komwe. Pa khoma latsopano bowo lililonse tinaliboola lalikulu kaye, la 12 mm tinaboola 20, n'kulidzaza ndi phala la rezini, litauma n'kuboolanso 12 pakati pake. Bawuti ikamadutsa sikhudza thabwa. Pomanga tinamata ndi Sikaflex 291.

Pa zoyandamitsa panali kusankha. Foam yothira ya mabotolo awiri imagwira pansi popondapo bwino, koma ndi yodula, ndipo madzi akalowa imachita zomwe inachita kaleyi. Tinasankha mabotolo apulasitiki a malita awiri, ouma, otsekedwa mwamphamvu, okwana 140, omwe amanyamula makilogalamu pafupifupi 280. Faiba ikamira imatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la kulemera kwake, ndiye boti, injini, katundu ndi anthu atatu ogwirira m'mbali sizifika pamenepo. Kuipa kwa mabotolo n'koti sachirikiza pansi, choncho tinawonjezera mitanda iwiri, komanso tinasiya njira pakati kuti madzi aziyenda mpaka kabowo kakumbuyo. Pomaliza boti linalemera 305. Lapepuka ndi makilogalamu 90, thumba lija lalikulu la chimanga lomwe ankayenda nalo osadziwa.

Mafuta

Thanki inali yachitsulo, ya malita 24, m'kati muli dzimbiri. Titakhuthulira zotsalira m'botolo lagalasi, zinagawika pawiri, pamwamba petulo, pansi madzi achikasu okwana chala chimodzi ndi theka.

Petulo wa m'Zimbabwe wakhala akusakanizidwa ndi ethanol mwalamulo kuyambira 2013, wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo mlingo wake umasinthasintha, nthawi zina kufika 20 peresenti. Kwa asodzi a ku Malawi zoterezi si zachilendo, paja ku Dwangwa ethanol anayamba kupangidwa mu 1982. Pa galimoto yoyenda tsiku lililonse palibe vuto lalikulu. Pa boti loyenda kamodzi pamwezi ndi nkhani ina. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi akachuluka, ethanol ndi madziwo amatsikira pansi pa thanki, pomwe paipi imayamwira. Choopsa n'choti oyilo wa injini amatsala mu petulo wapamwamba. Injini ikamwa zapansizo imayenda yopanda oyilo, ngati yayenda n'komwe.

Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa ethanol, thirani madzi 10 ml m'botolo lokhala ndi mizere, onjezani petulo 100 ml, khutchumulani, dikirani mphindi zisanu. Mzere wamadzi ukakwera kufika pafupi ndi 30 ml, petuloyo ndi wa 20 peresenti.

Paipi yakale inali itafewa m'kati, mphira wake ukusupuka tizidutswa takuda. Apa ndi pomwe panagona chinsinsi cha kabuleta yotsukidwa kawiri ija. Ankatsuka, n'kulumikizanso paipi yomweyo, zinyalala n'kubwerera tsiku lomwelo. Tinasintha thanki n'kuika yapulasitiki, paipi yonse ya 8 mm yopirira ethanol, kampira kopopera, ndi kachikopa ka pampu yamafuta komwe kanali katauma gwa. Pakati pa thanki ndi injini tinaikapo fyuluta yolekanitsa madzi, ya kapu yoonekera, kuti munthu azingoyang'ana asananyamuke.

Kabuleta tinaimasula yonse. Tisanachotse sikuluwu ya mpweya tinawerenga kuti imalowa maulendo angati mpaka itagunda, osakanikiza, n'kulemba. Jeti yaing'ono inali yotsekeka theka ndi utoto wobiriwira, ndipo singano ya choyandama inali ndi mzere wodyeka, ndiye tinaisintha. Majeti tinatsuka ndi mankhwala ndi mpweya wa kompuresa. Waya kapena singano yosokera imakulitsa bowo, ndipo likakula silibwerera.

Ena amalangiza kuika jeti yaikulu ya bowo locheperako, yodutsa mafuta ochepa, chifukwa kumtunda kuno injini imalandira mafuta ochuluka kuposa mpweya. N'zoona, ndipo pa injini yosachoka ku madamu a Chivero ndi Darwendale zimathandizako pang'ono. Ife tinasiya jeti ya kufakitale pa zifukwa ziwiri. Petulo wa ethanol amachepetsa kale kuchulukako. Komanso bambowo akufuna kudzapita ku Kariba, komwe kuli mamita osafika 500, ndipo injini yochepetsedwa jeti ikatsikira kumeneko imayenda ndi mafuta operewera, n'kutentha, n'kuboola pisitoni. Kudetsa mapulagi pang'ono kuli bwino kusiyana ndi zimenezo.

Kasakanizidwe ndi 50 kwa 1, oyilo wolembedwa TC-W3: 480 ml pa thanki ya malita 24, kapena 100 ml pa malita 5 alionse. Oyilo wa njinga yamoto kapena wa makina odulira mitengo anapangidwira injini zotentha kwambiri zozizitsidwa ndi mpweya, ndipo mu injini ya boti amasiya mwaye. Mapulagi ndi NGK B7HS, mpata 0.6 mpaka 0.7 mm.

Madzi ozizitsa ndi giyabokosi

Kabowo kokodzera madzi, koonetsa kuti madzi ozizitsa injini akuyenda, kanali kotsekedwa ndi dothi la mavu. Zimachitika pafupifupi pa injini iliyonse yomwe yakhalitsa panja, ndipo twaini wokhuthala amatsegula. Koma titatsitsa mwendo tinapeza impela, kagudumu kamphira kopopa madzi ozizitsa, ili ndi mapiko anayi mwa asanu ndi limodzi. Impela ikasowa mapiko, osangoika yatsopano n'kutseka. Sakani zidutswazo. Chimodzi tinachipeza pakamwa pa paipi yokweza madzi, china titapopera madzi chobwerera kuchokera pamwamba. Chikatsala m'katimo chimatseka njira tsiku lina muli pakati pa damu.

Tinaika impela yatsopano ndi mbale yake, gasiketi ndi kakiyi. Potsitsa chivundikiro, shafiti imazunguliridwa kumanja, monga mawotchi amayendera, kuti mapiko agone mbali yoyenera. Girisi amapakidwa m'mano a shafiti m'mbali mokha, osati pansonga, apo ayi mwendo sulowa mpaka kumapeto. Ndipo injini isalizidwe pouma ngakhale kanthawi kochepa, impela imapsa nthawi yomweyo.

Thermostat, kavalavu kotseka madzi ozizitsa mpaka injini itatentha, munalibe. Wina anaichotsa poganiza kuti injini izizizira bwino. Injini yopanda thermostat simatentha mokwanira, imazima ikamayenda pang'onopang'ono, imadetsa mapulagi ndi kuunjika mwaye m'maring'i. Yatsopano tinaiyesa mumphika, inayamba kutseguka madzi atafika cha m'ma madigiri 50.

Oyilo wa giyabokosi anatuluka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro cha madzi. Titachotsa puropela, kumbuyo kwake kunali twaini wa mbedza atakulungika n'kusungunuka, atadula masili onse awiri. Pa kachitsulo kokoka ka pa sikuluwu panali fumbi losalala lokha, popanda zibenthu, ndiye magiya ali bwino. Tinasintha masili, n'kupopera mpweya wa 100 kPa, geji inaima osatsika. Oyilo ndi SAE 90 wa magiya, pafupifupi 430 ml, wothiridwa kuchokera ku bowo lapansi mpaka atasefukira pa lapamwamba. Lapamwamba limatsekedwa koyamba. Mawashala onse awiri akhale atsopano, chifukwa madzi ambiri amalowera pa washala wa ndalama zochepa yemwe wagwiritsidwa ntchito kachitatu.

Ngolo tinangosintha mabering'i ndi tayala limodzi lomwe linali litang'aluka m'mbali.

Kuyesa pamadzi

Tinapita ku Darwendale kudzera ku Norton m'mamawa kusanayambe mphepo, anthu atatu, thanki yodzaza, ndi katundu wa usodzi, kuti zifanane ndi mmene mwiniwake amayendera. Tinakulunga waya wa kamakina kowerengera kuzungulira kwa injini pa waya wa pulagi. Popanda kamakinaka, kusankha puropela ndi kungolota. Injiniyi imayenera kuzungulira maulendo pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi moto ukatsegulidwa wonse.

Puropela yomwe inabwera nayo ndi ya 11 1/8 x 13, nambala yoyamba ndi kukula kwake m'mainchi, yachiwiri ndi mainchi omwe imayenera kupita patsogolo ikazungulira kamodzi. Boti linadzuka, koma mochedwa, mpaka munthu mmodzi atasunthira kutsogolo. Injini inafika 4,350, liwiro makilomita 33. Bambowo anali atakhutira kale. Ife ayi, chifukwa 4,350 ili pansi pa mlingo, ndipo injini yokakamizidwa chonchi ili ngati lole yokwera phiri pa giya yomaliza. Imatentha m'mutu ndipo sikhalitsa.

Chifukwa chake ndi mtunda womwe uja. Injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse. Darwendale ili pamwamba pa mamita 1,300, ndiye 40 imakhala ngati 35. Ku Kariba imakhala ngati 38, ndipo kumeneko puropela ya 13 inali yoyenera. Mwini wakale sanalakwitse, boti ndi lomwe linasamuka.

Kutsitsa inchi imodzi pa nambala yachiwiri ya puropela kumakweza injini ndi 150 mpaka 200. Tinaika ya 11 5/8 x 11. Boti linadzuka nthawi yomweyo aliyense ali pamalo pake, injini inafika 4,750, liwiro 34. Anthu ambiri amaopa kuti puropela yotsika imachepetsa liwiro. Apa linakwera, popeza injini inafika pomwe imapereka mphamvu zake.

Kenako kutalika. Mbale yopingasa yomwe ili pamwamba pa puropela iyenera kukhala pakati pa kulingana ndi pansi pa boti ndi 25 mm kutsika. Titayeza ndi thabwa lowongoka, yathu inali pa 25 yeniyeniyo, ndipo kumbuyo kunkathovoka madzi mbali zonse za mwendo. Tinaika kathabwa ka mlombwa, womwe kuno amati mukwa, ka 20 mm pamwamba pa transom. Injini inafika 4,900. Chitsulo choikira kapendekeke ka injini tinachichotsa pa bowo lachiwiri n'kuchiika pa lachitatu: 5,000, makilomita 36, chiwongolero chapepuka. Pa bowo lachinayi boti linayamba kudumphadumpha ndipo puropela inkagwira mpweya pokhota, ndiye tinabwerera pa lachitatu. Ndi munthu mmodzi yekha injini inafika 5,350, liwiro 40, osapyola malire. Mabawuti a injini tinaboolera titabwerako, malo atatsimikizika.

Titathamanga mphindi zisanu n'kuzimitsa mwadzidzidzi, mapulagi anatuluka ofiirira ngati khofi wamkaka pang'ono, lapansi lodera pang'ono kuposa linzake. Sikuluwu ya mpweya tinaikonza boti lili pamadzi, giya italowa. Yokonzedwa mumgolo imanamiza, chifukwa utsi sukumana ndi kukanikiza kwa madzi akuya.

Panachitika chinthu chimodzi chosayembekezeka. Pobwerera madzi okodza anachepa mwadzidzidzi. Tinazimitsa, n'kutukula injini, n'kupeza mizu ya namasupuni itamata pa timabowo toyamwira madzi. M'madamu a mumtsinje wa Manyame namasupuni ndi wambiri, makamaka ku Chivero, ndiye woyendetsa azicheuka kawirikawiri, ndipo akadutsa paudzu aime, alowetse giya yobwerera kanthawi kuti zinyalala zichoke.

Zotsala

Chingwe chozimitsira injini munthu akagwa chinali chitamangidwa ndi waya kuti chisamachoke. Tinachisintha, ndipo tinawauza bambowo kuti chizikhala padzanja. Majekete oyandamitsa anali awiri, anthu atatu, ndiye lachitatu ligulidwe, pamodzi ndi kusintha dzina pa mapepala a boti. Pansi pa boti pali matuza ang'onoang'ono cha kumbuyo, osafika pa faiba yeniyeni, ndipo tawasiyira chilimwe chamawa.

Malangizo omwe tinalemba pa khadi ndi awa. Petulo wosakaniza asapitirire mwezi m'thanki, wotsala athiridwe m'galimoto pang'onopang'ono. Pofika kugombe achotse paipi, injini ilire mpaka kabuleta iume. Kunyumba boti likhale mphuno m'mwamba, kabowo kakumbuyo kali kotsegula, chotsekera chake chitamangiriridwa pa chogwirira injini kuti chisaiwalike potsitsa. Puropela ichotsedwe pakatha maulendo atatu alionse kuona ngati kuli twaini. Akayenda maola 10 abwere nalo tidzaone oyilo wa giyabokosi ndi kulimbitsa mabawuti a transom.

Puropela ya 13 tinawabwezera itakulungidwa m'chiguduli, pamodzi ndi nati, washala ndi mapini awiri. Ku Kariba, ali awiri okha, ya 11 ikhoza kupyola 5,500, ndiye akafika ayese kaye ndi kamakina kowerengera kaja, ikapyola asinthe asanapite kutali ndi gombe.